Ana a kalasi ya 12 adziwe kuti si mzere wosaduka uliwonse umene uli wosalala

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a masamu m'chigawo chino cha Tete, makamaka a kalasi ya 12, komanso ndi akuluakulu amene amasula aphunzitsi m'masukulu aukachenjede a kuno. Ana athu ambiri amamaliza sekondale akukhulupirira kuti function iliyonse imene girafu yake (chithunzi chake chojambulidwa pa pepala) ndi mzere wosaduka imakhalanso yosalala, kutanthauza kuti ili ndi derivative paliponse kupatula pa ngodya imodzi kapena ziwiri. Palibe buku labwino limene limalemba zimenezi poyera, koma zitsanzo zonse zimene mwana amaona pa bolodi zimamukankhira kumeneko, ndipo chikhulupiriro chimenechi ndi chabodza. Bodza lake linaululika poyera mu 1872, ndipo kufufuza kumene kunatsatira pamenepo ndiko kunamanga gawo lalikulu la masamu amene akugwiritsidwa ntchito lero. Ndikuona kuti tikuwamana ana athu chinthu chamtengo wapatali posawauza nkhani imeneyi.

Kwa owerenga amene anasiya masamu kalekale, ndifotokoze mwachidule. Function ndi lamulo limene ukalipatsa nambala limakubwezera nambala ina. Timati ndi yosaduka ngati kusuntha pang'ono nambala yolowa kumasunthanso pang'ono nambala yotuluka, popanda kudumpha. Timati ili ndi derivative pa malo ena ngati ukayang'anitsitsa kachigawo kakang'ono ka girafu pa malowo, n'kumakachepetsabe, kamayamba kuoneka ngati mzere wowongoka. Kupendekeka kwa mzere wowongokawo ndiye derivative. Ophunzira onse amadziwa girafu yooneka ngati chilembo V, imene ndi yosaduka koma ilibe derivative pansonga pake. Funso limene mwana wochenjera ayenera kufunsa ndi lakuti ngodya zoterezi zingachuluke mpaka pati mzere usanaduke.

Akatswiri akuluakulu anayankha funsoli molakwika kwa zaka zambiri. Mu 1806 André-Marie Ampère wa ku France, yemwe dzina lake timalitchula tikamayeza magetsi, anayesa kutsimikizira kuti function yosaduka iyenera kukhala ndi derivative kupatula pa malo owerengeka, ndipo mabuku ambiri a nthawi imeneyo anaphunzitsa zomwezo. Mu 1821 Augustin-Louis Cauchy analemba kuti ukaphatikiza ma function osaduka osatha kuwerenga, chotsatira chake chimakhalanso chosaduka, koma mu 1826 Niels Henrik Abel wa ku Norway anasonyeza chitsanzo chotsutsa zimenezo. Bernard Bolzano, wansembe wa ku Prague, anali atapanga kale cha m'ma 1830 function yosaduka yokhala ndi ngodya ponseponse, koma zolemba zake zinakhala zosasindikizidwa kwa zaka pafupifupi 90. Amene dziko linamumva ndi Karl Weierstrass. Pa 18 July 1872 anaima pamaso pa bungwe la akatswiri a sayansi ku Berlin n'kuonetsa function yosaduka paliponse imene ilibe derivative pa malo ngakhale amodzi. Anaipanga pophatikiza mafunde a cosine osatha, funde lililonse lotsatira likukhala lalifupi msinkhu koma lothithikana kwambiri kuposa lapitalo. Paul du Bois-Reymond anaisindikiza mu 1875. Ndikufuna aphunzitsi anzanga adziwe kuti Weierstrass ameneyu anaphunzitsa sekondale kwa zaka zoposa 10 m'matauni aang'ono akutali ndi mayunivesite, akuchita kafukufuku wake usiku, dziko lisanamudziwe mu 1854.

Chitsanzo cha Weierstrass n'chovuta kwa mwana wa kalasi ya 12, koma pali china chimene Teiji Takagi wa ku Japan anasindikiza mu 1903, ndipo chimenechi ndi chimene ndikupempha kuti chilowe m'makalasi athu. Tiyerekeze mlimi wa mbatatesi ku Tsangano atakweza mizere m'munda mwake, mzere uliwonse wosongoka pamwamba, mulifupi mwake muyeso umodzi ndipo msinkhu wake theka la muyesowo. Mbali zake zikupendekeka mofanana, moti ukasuntha phazi limodzi kutsogolo wakwera phazi limodzi, ndipo ukadutsa pansonga ukutsika chimodzimodzi. Tsopano pamwamba pa mizere imeneyi aunjikepo mizere ina imene mulifupi mwake ndi theka la yoyamba ija ndipo msinkhu wake ndi thekanso. Pamwamba pa yachiwiriyi aunjikepo yachitatu, yochepanso ndi theka, ndipo apitirize chonchi osaleka. Nthaka imene yatsalapo pamapeto ndiyo girafu ya function ya Takagi.

Mwana angathe kuona yekha kuti muluwu sukukwera mpaka kumwamba, chifukwa misinkhu yake ndi 1/2, 1/4, 1/8 n'kumatsika choncho, ndipo yonse pamodzi sipitirira 1. Angathenso kuona kuti nthakayo siduka pena paliponse, chifukwa ukaunjika magawo 10 oyamba, magawo onse otsala sangakweze nthaka ndi muyeso woposa 1/1024 pa malo aliwonse, ndipo ukaunjika ochulukirapo, zotsalazo zimacheperachepera mofanana m'munda monse. Mfundo ya kuchepa mofanana ponseponse imeneyi ndi imene inasowa mu zolemba za Cauchy zija. Koma tsopano taonani kupendekeka. Ukachepetsa msinkhu ndi theka n'kuchepetsanso mulifupi ndi theka, kupendekeka sikusintha konse: mzere wa gawo la 50, ngakhale ndi waung'ono kosaoneka ndi maso, ukukwera kapena kutsika mofanana ndi woyamba uja. Choncho ukasankha malo aliwonse, n'kumayeza kupendekeka pa kachigawo kozungulira malowo ukukachepetsa ndi theka nthawi iliyonse, gawo lililonse latsopano limawonjezera 1 kapena kuchotsa 1 pa yankho lapitalo. Manambala amene amasiyana ndi 1 wathunthu pa sitepe iliyonse sangakhazikike pa nambala imodzi, ndipo popanda kukhazikika kumeneko palibe derivative. Umboni wonse ndi umenewu. Ukukwana pa bolodi limodzi, ndipo sufuna china choposa zimene mwana waphunzira kale za ma limit, ndiye kuti nambala imene mndandanda wa manambala umayandikira n'kukhazikikapo.

Anthu otchuka anaipidwa nazo zinthu zoterezi. Mu 1893 Charles Hermite analembera mnzake Thomas Stieltjes kuti akutembenuka ndi mantha ndi kunyansidwa pa mliri womvetsa chisoni wa ma function opanda derivative. Henri Poincaré naye anadandaula kuti kale anthu ankapanga ma function atsopano chifukwa cha ntchito yooneka, koma tsopano akuwapanga dala kuti aonetse zolakwa m'maganizo a makolo awo. Ndimawalemekeza akuluakulu awiriwa, koma pa mfundo iyi mbiri sinawavomereze. Mu 1931 Stefan Banach ndi Stefan Mazurkiewicz a ku Poland, aliyense payekha, pogwiritsa ntchito njira imene René Baire anakhazikitsa mu 1899, anatsimikizira kuti pakati pa ma function onse osaduka, amene ali ndi derivative ngakhale pa malo amodzi okha ndi kagulu kochepa, ndipo ochuluka kwenikweni ndi opanda derivative paliponse. Ndiye kuti zimene Hermite ankaziona ngati matenda ndizo chikhalidwe cha unyinji, ndipo ma function osalala amene adzaza mabuku athu a kusukulu ndiwo achilendo. Timawadziwa bwino chifukwa ndi amene dzanja limatha kujambula ndiponso amene amalembeka m'mzere umodzi, osati chifukwa ndi ambiri.

Kafukufukuyu sanangogwetsa zikhulupiriro. Anaperekanso malire enieni a pamene kusalala kuyenera kupezeka, ndipo mbali imeneyi ndi imene imandikondweretsa kwambiri. Mu 1904 Henri Lebesgue anatsimikizira kuti function yosaduka imene siitsika konse, imene imangokwera kapena kuima, iyenera kukhala ndi derivative pafupifupi paliponse, ndipo malo amene ilibe, ukawasonkhanitsa onse, utali wawo ndi ziro. Madzi onse amene adutsa pa damu la Cahora Bassa kuchokera tsiku limene linayamba kugwira ntchito ndi function ya mtundu umenewu, chifukwa chiwerengero chake sichingabwerere m'mbuyo, pomwe msinkhu wa madzi m'nyanjamo umakwera ndi kutsika ndipo ulibe chitsimikizo chotere. Komabe ngakhale pamenepa pali chenjezo. Georg Cantor anafotokoza mu 1884 function yosaduka imene imachoka pa 0 n'kufika pa 1, chonsecho derivative yake ndi ziro pafupifupi paliponse. Amaipanga pochotsa gawo lapakati mwa magawo atatu a mzere, kenako gawo lapakati la zidutswa ziwiri zotsalazo, n'kumapitiriza, ndipo pa chigawo chilichonse chochotsedwacho function imangoima. Kukwera kwake konse kumachitikira pa fumbi la malo otsala, amene utali wawo wonse ndi ziro. Mwana amene anangoloweza kuti ukaphatikiza derivative umabwerera ku function yoyamba adzapeza 0 pamene yankho ndi 1, ndipo kuyambira tsiku limenelo adzayamba kuwerenga mawu akuti "ngati" amene amatsogolera lamulo lililonse la masamu.

Ndikudziwa funso limene makolo ndi akuluakulu a maphunziro adzafunsa, chifukwa ndi funso loyenera m'chigawo chimene ana ambiri akuyang'ana ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize, ku magetsi a ku Songo kapena ku ulimi wa ku Angónia. Kodi zimenezi zili ndi ntchito yanji? Yankho linachokera ku chilengedwe. Mu 1827 Robert Brown anaona tizidutswa ting'onoting'ono tikugwedezeka m'madzi mosalekeza, mu 1905 Albert Einstein anafotokoza kuti tikugundidwa ndi mamolekyu a madziwo, ndipo Jean Perrin wa ku France, amene anayeza kayendedwe kameneka mosamala n'kulandira mphotho ya Nobel mu 1926, ananena yekha kuti njira za tizidutswato zikumukumbutsa ma function opanda derivative a akatswiri a masamu. Norbert Wiener anaika kayendedweka m'masamu okhwima mu 1923, ndipo mu 1933, pamodzi ndi Raymond Paley ndi Antoni Zygmund, anatsimikizira kuti njira zimenezi ndi zosaduka koma zilibe derivative paliponse. Louis Bachelier anali atagwiritsa kale ntchito kayendedwe komweka mu 1900 pofotokoza kusinthasintha kwa mitengo pamsika wa ndalama ku Paris, ndipo mpaka lero akatswiri owerengera mitengo ya katundu pamisika ya dziko lonse, kuphatikizapo malasha ndi fodya zimene chigawo chathu chimagulitsa kunja, amayambira pamenepo. Mwana wa ku Moatize amene adzafune kumvetsa masamu a mitengo adzakumana ndi girafu yopanda derivative pa tsamba loyamba.

Palinso chitsanzo chimene ife okhala m'malire tingachimve msanga. Lewis Fry Richardson wa ku England anaona kuti mabuku a ku Spain ankati malire awo ndi Portugal ndi otalika makilomita 987, pomwe a ku Portugal ankati ndi makilomita 1,214. Panalibe wonama. Mzere wokhotakhota ukauyeza ndi muyeso waufupi umatalika, chifukwa muyeso waufupiwo umalowa m'makona amene wautali umawalumpha. Benoit Mandelbrot anatenga mfundoyi mu 1967 pofunsa za utali wa gombe la Britain, ndipo anagwiritsa ntchito mizere yonga imene Helge von Koch wa ku Sweden anajambula mu 1904, yosaduka, yopanda derivative, ndiponso yautali wopanda malire ngakhale ikukwana pa pepala limodzi. Malire athu ndi Malawi kumbali ya Dedza ndi Ntcheu, motsatira pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891, amayenda pamsana wa mapiri pamene madzi amagawanikana, ndipo mzere wotere utali wake umadalira muyeso umene wagwiritsa ntchito. Gombe la nyanja ya Cahora Bassa, ndi timikono take tolowa m'zigwa, n'chimodzimodzi. Woyeza malo amene sadziwa zimenezi angakangane ndi mnzake pa manambala awiri amene onse ndi olondola.

Richardson yemweyu mu 1926 anafunsa ngati mphepo ili ndi liwiro lenileni pa mphindi iliyonse, ndipo anatchula function ya Weierstrass pofunsapo. Funso lofanana nalo la madzi oyenda likadali lotseguka. Masamu a Navier ndi Stokes, amene mainjiniya amagwiritsa ntchito powerengera kayendedwe ka madzi monga a Zambezi akamatuluka pa zitseko za damu, palibe amene watsimikizira ngati mayankho ake amakhalabe osalala nthawi zonse kapena angaphulike pakapita nthawi. Bungwe la Clay Mathematics Institute linaika funsoli mu 2000 pakati pa mafunso 7 amene woyankha lililonse adzalandire madola 1 miliyoni. Muzu wake ndi funso lomwe lija la mwana wa kalasi ya 12, lakuti kusaduka ndi kusalala zimasiyana pati.

Tisaganizenso kuti ma function akalewa anatha kufufuzidwa. Weierstrass ananena kuti Bernhard Riemann ankatchula function ina yopangidwa ndi mafunde a sine ngati chitsanzo cha yopanda derivative. G. H. Hardy anatsimikizira mu 1916 kuti ilibedi derivative pa malo ochuluka kwambiri, koma ena anatsala osadziwika, mpaka mu 1970 pamene Joseph Gerver wa ku America, akadali mnyamata, anasonyeza kuti pa malo ena osankhika derivative ilipo ndipo ndi −1/2. Ngakhale function ya Weierstrass yeniyeniyo inasunga chinsinsi chake nthawi yaitali: muyeso wa kukhakhala kwa girafu yake, nambala yokhala pakati pa 1 ndi 2, anthu ankaulosera kwa zaka zambiri, koma umboni wokwanira anaupereka ndi Weixiao Shen wa ku China mu 2018, patapita zaka 146 chionetsere Weierstrass function yakeyo ku Berlin.

Apa ndi pamene ndikuona mwayi wa chigawo chathu. Masukulu athu ambiri alibe zipinda zoyesera za sayansi, ndipo mwana wa ku Chifunde kapena ku Macanga sangapikisane ndi wa ku Maputo pa maphunziro ofuna zipangizo zodula. Koma gawo ili la masamu limafuna pepala, pensulo ndi mphunzitsi wodziwa kufunsa. Taganizirani chitsanzo cha Peter Gustav Lejeune Dirichlet cha mu 1829: function imene imapereka 1 pa nambala iliyonse yolembeka ngati nambala yathunthu yogawidwa ndi inzake, n'kupereka 0 pa manambala ena onse monga π. Siijambulika, ndipo ndi yoduka paliponse. Carl Johannes Thomae anaisintha pang'ono mu 1875, n'kupeza function yoduka pa manambala a mtundu woyambawo koma yosaduka pa ena onsewo. Mwana aliyense wachidwi adzafunsa ngati zingatheke kutembenuza, kuti ikhale yosaduka pa oyambawo pokha. Sizingatheke, ndipo amene anasonyeza zimenezo mu 1881 ndi Vito Volterra wa ku Italy, amene anabadwa mu 1860 ndipo panthawiyo anali wophunzira. Mafunso amtundu umenewu ndi amene amaulula mwana amene ali ndi mphatso ya masamu, ndipo mayeso oloweza malamulo a derivative sangamuulule, chifukwa pa mayeso otero wakhama ndi wamphatso amapeza malikisi ofanana.

Anzanga adzati silabasi ndi yodzaza kale, mayeso a boma safunsa zimenezi, ndipo ana ambiri akulimbanabe ndi Chipwitikizi chimene amaphunziriramo. Zonsezi ndi zoona, ndipo sindikupempha kuti mutu watsopano uwonjezedwe pa mayeso. Ndikupempha phunziro limodzi, pambuyo pa tsiku limene mphunzitsi watsimikizira kuti function yokhala ndi derivative imakhala yosaduka. Pa tsiku lotsatiralo afunse ana ngati mawuwo angatembenuzidwe, awasiye akangane, kenako ajambule nawo magawo anayi oyamba a function ya Takagi pa pepala la mabokosi, aliyense ndi dzanja lake. Kumene kuli kompyuta kapena foni yokhala ndi pulogalamu yaulere ya GeoGebra angaunjike magawo 20 n'kumakulitsa chithunzicho, ana aone kuti sichiwongoka ngakhale achikulitse motani. Ndipo ngati kufotokoza m'Chipwitikizi kukutsekereza ana, mphunzitsi asachite manyazi kubwereza mfundoyo m'chinenero chathu, chifukwa umboni wa magawo ochepa ndi theka umamveka bwino lomwe m'Chichewa, monga owerenga adzionera okha m'kalata ino.

Pempho langa lalikulu likupita kwa amene amaphunzitsa aphunzitsi a masamu ku Universidade Púnguè mu mzinda wa Tete, ndi kwa aphunzitsi a masamu a mainjiniya ku Instituto Superior Politécnico de Tete. Mphunzitsi sangapereke chimene iye sanalandire. Wophunzira aliyense amene akukonzekera kukaima patsogolo pa kalasi ya 12 asatuluke asanatsimikizire ndi dzanja lake kuti function ya Takagi ilibe derivative, asanawerengere kuti zigawo zochotsedwa za Cantor zikaphatikizidwa zimakwana utali wonse wa mzere, ndiponso asanafotokozere anzake pa bolodi pamene Cauchy anaphonya mu 1821. Pa lamulo lililonse limene akuphunzira afunsidwe kuti achotsepo mfundo imodzi mwa zoyambira zake n'kupeza chitsanzo chimene chikugwetsa lamulolo. Aphunzitsi amene ali kale m'masukulu angaphunzire zomwezi pa misonkhano yawo ya m'maboma nthawi ya tchuthi, ndipo ife opuma pantchito amene tili ku Angónia ndife okonzeka kukathandiza ngati titaitanidwa.

Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito,
Ulongwe, Angónia